Wasamuka

Achimwene anatisiya miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, koma mpaka sabata yathayi anali akugwirabe ntchito kuposa tonsefe. Ndikanena choncho anthu amaseka mwaulemu, poganiza kuti ndi nthabwala za munthu wofedwa. Si nthabwala ayi. Aliyense akatumiza chigamba ku pulogalamu yathu, pasanathe mphindi khumi nkhope ya achimwene inkatulukira pansi pa chigambacho, atavala chipewa chawo chopindika chija, n'kumuyankha.

Ndifotokoze kaye, mungandiyese wamisala. Pulogalamu yathu imatumiza mauthenga pa foni okumbutsa odwala nthawi yomwa mankhwala, ndipo zipatala zing'onozing'ono makumi angapo zimaigwiritsa ntchito. Ilibe mwini. Khodi yake, malemba amene amaiyendetsa, ili poyera pa intaneti, aliyense akhoza kuiwerenga ngakhale kuikonza. Kukonzako timakutcha chigamba, chifukwa ndi mmene zililidi: ukaona pong'ambika umadula kansalu kako n'kutumiza. Koma chigamba sichisokedwa chisanadutse pa zipata ziwiri. Choyamba ndi makina oyesa, amene amachilowetsa m'mayeso mazana anayi kuti aone ngati sichikuphwanya china. Chachiwiri ndi anthu awiri oti achiwerenge n'kuvomereza, ndipo wolemba saloledwa kudzivomereza yekha. Lamulo limeneli ndinalemba ndine, ndipo ndinkalinyadira kwabasi.

Makina oyesawo anapanga ndi achimwene, ndipo tinkawatcha Mlonda. Inali kompyuta yakale imene ankaisunga kunyumba kwawo m'chipinda chakumbuyo. Chifukwa cha ulesi, ngakhale eni ake ankati n'kusunga nthawi, sanamutsegulire Mlonda akaunti yakeyake. Anangomupatsa kiyi wa akaunti yawo, basi Mlonda n'kumalankhula ndi dzina lawo ndi chithunzi chawo. Mawu oyankhira analembanso okha. Chigamba chikadutsa Mlonda ankati, "Zadutsa. Kamwe madzi, wagwira ntchito." Chikalephera ankati, "Zagwa, koma palibe wafa. Yang'ana mzere wofiirawo."

Patangotha masiku anayi titawaika m'manda, ndinatsegula laputopu kuti ndipumitseko maganizo. Mayi wina wa kutali anali atatumiza chigamba chokonza masiku a pa kalendala, ndipo pansi pake panali achimwene, akumwetulira, akumuuza kuti palibe wafa. Ndinatseka laputopuyo mwamphamvu moti galasi lake linachita mng'alu pakona. Mng'aluwo ulipobe.

Kenako tinazolowera, kapena ndinene kuti tinaphunzira kuyang'ana kumbali. Atsopano okha ndi amene ankatipweteka osadziwa. Ankawathokoza achimwene, ena n'kumawafunsa mafunso, wina mpaka anadandaula kuti bamboyu amayankha msanga za mayeso koma ukamufunsa zina amakhala ngati sanamve. Palibe amene analimba mtima kumuuza zoona.

Ine pa pulogalamuyi ndine wounika zigamba, ndipo dzina langa ndi Mayi Ayi. Anandipatsa dzinali ndi achimwene omwewo, ndipo linakakamira chifukwa silinali bodza. Ndakana zigamba za maprofesa, za ana a sukulu, za madokotala amene ankaganiza kuti chovala choyera chimalembanso khodi. Kwa zaka ziwiri sindinalembe chigamba changachanga ngakhale chimodzi, ntchito yanga inali kuwerenga za anzanga n'kupeza pamene pakudontha. Sindikupepesa pa zimenezi. Uthenga umodzi ukasochera, munthu weniweni amadumpha mankhwala.

Koma panali chigamba chimodzi chimene ndinkachizemba ngati munthu amene unamulakwira ukamuona pamsika. Chinali nambala 2417, cha achimwene, mizere makumi anayi ndi umodzi, ndipo mutu wake unali wakuti "Kuwonjezera mawu akuti wamwalira." Anatumiza Lachitatu lina masana. Ndinachiyang'ana mphindi ziwiri zokha, ndikudya nthochi, ndinaona kuti chilibe mayeso atsopano otsimikiza kuti chikuchita zimene akunena, ndiye ndinadinda chizindikiro chofiira. Chofiira chimatseka chitseko mpaka amene anachidindayo atachichotsa yekha. Pansi pake ndinalemba kuti, "Ayi. Palibe mayeso. Munthu wamkulu ngati inu, mudzabwere mukafuna kugwira ntchito yeniyeni."

Sanayankhe. Ndinkadziwa kuti ali kuchipatala, koma anali atandiuza pa foni kuti angopita kukayezetsa, ndi kutopa chabe, ndisavutike kubwera. Ndinawakhulupirira chifukwa kukhulupirira kunali kosavuta. Patapita masiku khumi ndi asanu ndi anayi anamwalira, ndipo mawu omaliza amene ndinawalembera pa dziko lino anali amenewo.

Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse m'mawa tsamba la pa intaneti limene timaunikirapo zigamba linkanditumizira imelo yakuti chigamba 2417 chikudikira ine. Ndinkaifufuta osaitsegula. Sabata yotsatira inkabweranso.

Zinthu zinasintha pa msonkhano wathu wa pa intaneti wa Lolemba lapitalo. Wandevu, amene amatsogolera gulu lathu chifukwa ndi yekhayo amene sakwiya, anatiuza kuti tikusamuka. Pali gulu lina la anthu odzipereka limene limasungira khodi mapulogalamu ambiri opanda mwini ngati yathuyi, lili ndi tsamba lounikira labwino ndi makina oyesa ambirimbiri osadalira magetsi a nyumba imodzi, ndipo linavomera kutilandira. Tsamba lakale litsekedwa Lachinayi 5 koloko madzulo, Mlonda azimitsidwa nthawi yomweyo. Zigamba zosamalizidwa aliyense anyamule chake, ndipo zimene eni ake sanyamula zidindidwa kuti zasiyidwa. Ponena zimenezi Wandevu ankayang'ana ndevu zake pa kamera, osayang'ana ine.

Anthu atatuluka anandipempha kuti nditsale. Anati pakufunika munthu woti apite kunyumba kwa malemu akakopere mafayilo a Mlonda, ndipo sakuona wina woyenera. Kenako anatsokomola.

"Ndiye pali 2417 ija, Mayi Ayi. Ikafika Lachinayi ili ndi chofiira chanu, ifa. Ine sindingachichotse, mukudziwa inunso."

Ndinati ndamva. 

Kwa alamu ndinali nditapitako kawiri kokha chichitikire maliro, ndipo maulendo onse awiri ndinakhala pakhonde ngati wobwera kudzawerenga mita. Alamu ndi telala, amayamba ntchito m'mawa, choncho Lachiwiri ndinafika 7 koloko isanakwane. Anandilandira bwino, anandiseka kuti ndaonda, n'kundilowetsa m'chipinda chakumbuyo osafunsa zambiri.

Chipindacho chinali chodzaza. Makina osokera anali pawindo, nsalu za makasitomala zitapachikidwa pa chingwe, katoni ya nsapato za achimwene ili pakona. Pansi pa tebulo, pa njerwa ziwiri kuopa madzi okolopera, panali Mlonda, akung'ung'udza chapansipansi, kanyali kake kobiriwira kakuphethira. Pamwamba pake panali pepala lomata ndi selotepi, lolembedwa ndi dzanja la achimwene lija lopendekera kumanzere: OSAZIMITSA. Panalibe fumbi ngakhale pang'ono. Alamu anati amamupukuta Loweruka lililonse, ndipo magetsi akazima n'kubwerera amadina batani lakutsogolo monga anawaphunzitsira mwini wake. Anati nthawi zina akusoka amamva fani yake ikuyamba kuthamanga, n'kudziwa kuti kwinakwake munthu watumiza ntchito ndipo bambo akuiona.

Ndinagwada pansi n'kulumikiza laputopu yanga. Mafayilo ali mkati mokopedwa, foni ya alamu inalira pa makina osokera, kulira kamodzi kwakufupi. Sanaitenge. Anangoyang'ana wotchi ya pakhoma, imene inkaonetsa 7 koloko ndendende, n'kupitiriza kulowetsa ulusi m'singano, koma ulusiwo unkaphonya bowo.

Ndinawauza kuti mwina ndi kasitomala. Anapukusa mutu, n'kundipatsa foniyo kuti ndiwerenge ndekha.

"Mwadzuka bwanji. Chonde akumbutseni amuna anu kumwa mankhwala a m'mawa. Dzulo sanayankhe."

 Mawu amenewo ndinawalemba ndine zaka zisanu zapitazo, ndipo ndimakumbukira kuti ndinakangana ndi Wandevu pa mawu akuti chonde, iye akuti akutalikitsa uthenga. Ndinakweza chala pa sikirini. Dzulo uthenga womwewo, dzana womwewo. Ndinakwezabe mpaka chala chinatopa, ndipo sindinafike poyambira.

Alamu anandifotokozera modekha, ngati akunena za mvula. Achimwene atayamba kudwala analembetsa ku chipatala chapafupi, chimene chimagwiritsa ntchito pulogalamu yathu yomweyi, ndipo pa malo a wothandiza anaikapo nambala ya akazi awo. Wodwala akapanda kuyankha uthenga wake, pulogalamu imakumbutsa wothandizayo. Atamwalira, alamu anapita ku chipatalako katatu. Namwino, mayi wachifundo ndithu, anawatembenuzira kompyuta kuti aone okha. Pa dzina la wodwala aliyense pali zosankha zitatu zokha: akumwa, wamaliza, wasamuka. Kuti udinde wamaliza pamafunika nambala ya zotsatira zosonyeza kuti munthu wachira. Ndiye munthu akamwalira anamwino amadinda wasamuka, chifukwa pa zitatuzo ndi mawu okhawo amene si bodza lenileni.

Zotsalazo sanafunike kundiuza. Wodwala akasamuka, pulogalamu imapitiriza kukumbutsa tsiku ndi tsiku mpaka chipatala chimene wapitako chitadinda kuti wafika. Lamulo limenelinso ndi langa. Ndinaliika titamva za bambo wina amene anasowa pakati pa zipatala ziwiri n'kukhala miyezi itatu osamwa mankhwala. Linali lamulo labwino, ndipo ndinali ndisanaganizepo za anthu osamukira kumene kulibe namwino wodinda.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanasinthire nambala. Anati makasitomala onse amadziwa yomweyi, komanso, anatero akuseka pang'ono, munthu sutaya foni chifukwa choti ikukufunsa za mwamuna wako. Masabata oyambirira ankaudikira uthengawo, unkakhala ngati wina akukumbukirabe kuti bambo analipo. Koma pano anatopa.

"Tsiku lililonse ndimadzuka n'kuuzidwa kuti ndalephera kuwamwetsa, alamu. Ndimadziwa kuti ndi makina. Koma m'mawa mtima sudziwa zimenezo."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire ine, mawu anga akutuluka mokalipa chifukwa cha manyazi. Alamu sanakhumudwe. Anati m'wodi muja, bedi loyandikana ndi la achimwene linali la bambo wina wachikulire amene anamwalira Lolemba. Lachitatu mkazi wake anabwera kudzatenga bulangete ndi kapu, ndipo ali chiimire pamenepo foni yake inalira, akuuzidwa kuti akumbutse amuna ake mankhwala. Mayiyo anakhala pansi, pa simenti penipeni. Achimwene anaona zonse. Anaitanitsa laputopu, ndipo analemba ndi dzanja limodzi chifukwa linalo linali ndi dilipi. Atamaliza anagona maola atatu osatembenuka. Atadzuka anawerenga yankho langa.

Ndinafunsa kuti anati chiyani. Sindinkafuna kumva, koma pakamwa panafunsa pokha.

"Anaseka mpaka kutsokomola. Anati mlongo wanga akonza, ungomupatsa nthawi. Ndiye ine ndimakupatsani nthawi."

Ndinatuluka m'nyumbamo osamwa tiyi amene anandithirira. Pa basi ndinatsegula 2417 koyamba m'miyezi isanu ndi iwiri, laputopu ili pamaondo, mayi wa pambali panga akusuzumira. Chigambacho chinkawonjezera chosankha chachinayi, ndipo chikadindidwa mauthenga onse, a wodwala ndi a wothandiza, ankaima tsiku lomwelo. M'munsi mwake munali mawu anga ofiira aja, ali chiimire ngati ndawalemba dzulo. Nditafika ku ofesi ndinafunsa seva, kompyuta yathu yotumiza mauthenga, kuti ndi anthu angati amene anasamuka miyezi yoposa itatu yapitayo koma sanafike kulikonse. Mayina sindiloledwa kuona, koma chiwerengero ndimaloledwa. Anali mazana awiri ndi khumi ndi awiri. Ena mwina anangosowa. Koma ndinkadziwa kuti m'nyumba zambiri mwa zimenezo 7 koloko imalira monga inalirira kwa alamu.

Ndinamuimbira Wandevu n'kumuuza zonse. Anati ndingochotsa chofiiracho, iye avomereza, tisoke chigambacho mmene chililimo, palibe amene angatifunse za mayeso pa nkhani ngati iyi. Ndinakana. Mayi Ayi sasintha tsiku limodzi, komanso chigamba chimene ntchito yake ndi kuletsa mauthenga ndi choopsa kuposa zonse. Chikalakwitsa pang'ono chikhoza kutontholetsa foni ya munthu wamoyo. Ndinali nditalakwa kalembedwe ndi nthawi, koma pa mayeso sindinalakwe, ndipo achimwene akanakhala oyamba kundiseka ndikanalowetsa ntchito yawo chifukwa cha chisoni.

Vuto linali lakuti ndikakhudza chigamba chawocho ngakhale chilembo chimodzi, tsamba lindiwerenga ngati wolemba nawo, ndipo sindiloledwanso kuchivomereza. Msampha wake ndinatchera ndekha. Njira inali imodzi: kulemba mayesowo ngati chigamba changa chapadera, chokhala pamwamba pa chawo, kuti Mlonda ayese zonse pamodzi.

Ndinayamba Lachiwiri masana, ndipo ndinazindikira msanga kuti kukana ntchito za anthu n'kosavuta kusiyana ndi kuzilemba. Zala zinali zitauma. Ndinapanga odwala ongopeka asanu ndi anayi: wina wamoyo wokhala ndi dzina lofanana ndi la womwalira, wina wogawana foni ndi womwalira, wina amene namwino anamudinda molakwika n'kubweza. Lachitatu m'mawa mayeso awiri anagwa pa laputopu yanga, ndipo ndikuvomereza kuti kamtima kena koipa kanasangalala, kuti mwaona, ndinali ndi chifukwa. Nditafufuza ndinapeza kuti wolakwa ndine, ndinasokoneza manambala a foni. Nditakonza zonse zinadutsa. Munthu analemba ndi dzanja limodzi, ali ndi malungo a imfa m'thupi, osaphonya ngakhale chilembo.

Ndinatumiza chigamba changa Lachitatu 2 koloko masana. Ofesi yathu ndi kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya utoto, ndipo tsiku limenelo ndinalimo ndekha, dzuwa likuwomba pa tebulo, pansi wina akukokera zitini. Ndinadziwa kuti kutsidya kwa tauni, pansi pa tebulo la alamu, fani yayamba kuthamanga. Ndinadikira yankho lija la masiku onse, loti ndikamwe madzi. Ndinali nditakonzeka kuliona, mpaka botolo la madzi ndinaliika pafupi kuti ndidziseke.

Patatha mphindi zisanu ndi zitatu chipewa chopindika chija chinatulukira.

"Zadutsa, Mayi Ayi. Ndinadziwa kuti mayesowa ulemba wekha. Kungoti umachedwa."

Ndinaimirira mpando n'kugwa chagada kumbuyo kwanga. Ndinayang'ana kuchitseko, sindikudziwa kuti ndinkayembekeza kuona ndani. Ndinadzimva ndikuyankha mokweza m'chipinda chopanda munthu kuti pepani, achimwene, monga ndinkayankhira tili ana akandipeza nditabisa chinthu chawo.

Mutu utabwerera m'malo ndinatsegula mafayilo a Mlonda amene ndinakopera kwa alamu. Sizinanditengere nthawi. Inali mizere itatu yokha, yonena kuti ngati wotumiza ndi ineyo, ndipo chigamba chake chakhala pamwamba pa 2417, ndipo zadutsa, Mlonda anene mawu awa m'malo mwa a masiku onse. Tsiku lake linali masiku awiri pambuyo pa Ayi wanga uja. Anailowetsa okha popanda wounika, kuphwanya lamulo langa ali gone pa bedi la chipatala, ndipo pa malo ofotokozera chifukwa chosinthira analemba kuti, osamuuza mlongo wanga.

Mungaganize kuti kupeza mizereyo kunandikhazika mtima pansi. Sikunatero. Mzukwa ukanakhala wosavuta, chifukwa mzukwa umabwera kuchokera kumene munthu wapita. Awa anali achimwene amoyo, akudziwa kuti masiku awathera, akundikonzera nthabwala yoti idzandipeze kutsogolo. Ankaganiza kuti ndichedwa masiku angati? Mwina atatu, mwina sabata, kuti adzaseke nane pa foni. Mawuwo anakhala m'chipinda chakumbuyo chija miyezi isanu ndi iwiri, akupukutidwa fumbi Loweruka lililonse. Ndinalira mpaka wogulitsa utoto anakwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta, ndipo ndinamuuza kuti zinagwa kalekale.

Kenako ndinachotsa chofiira. Kuchotsa kwake ndi kudina kamodzi kokha, moti ndinachita manyazi ndi kuphweka kwake. Mawu anga akale sangafufutike, tsamba limasunga zonse, choncho pansi pake ndinalemba kuti, "Inde. Ndachedwa." Wandevu anavomereza pasanathe mphindi imodzi, zikuoneka kuti anali atakhala pomwepo akudikira.

Chigamba changa cha mayeso chinkafunanso anthu awiri, ndipo apa ndi pamene ndinalawa mankhwala anga omwe. Kupatula Wandevu, amene analipo tsiku limenelo anali Aphunzitsi, bambo wopuma ntchito amene anaphunzira khodi atakalamba, ndipo ndinali nditawakanira zigamba khumi ndi zinayi. Anawerenga kwa ola lathunthu. Kenako panatuluka mawu amodzi akuti, "Ayi."  Patapita mphindi analembanso kuti amangofuna kumva kukoma kwake, ntchito ili bwino, ndipo malemu akananyadira. Anadinda chobiriwira. Zigamba ziwirizo zinasokedwa pamodzi, cha achimwene pansi, changa pamwamba.

Lachinayi m'mawa seva yotumiza mauthenga inalandira pulogalamu yatsopanoyo. Masana ndinapita kwa alamu, ndipo tinamuimbira namwino uja foni ili pa sipika. Anatsegula dzina la achimwene n'kunena kuti pali chosankha chachinayi chimene dzulo panalibe. Anafunsa ngati adinde. Ndinayang'ana alamu, chifukwa yankho silinali langa. Alamu anapinda nsalu imene inali m'manja mwawo kawiri, n'kunena kuti dindani, amayi. Namwinoyo anadinda, kenako anati ali ndi mayina ena khumi ndi limodzi amene amawadziwa pamtima, ayamba nawo pompano asanapite kukadya.

Itakwana 5 koloko Wandevu anatumiza uthenga kuti zonse zafika bwino kwatsopanoko, makina a kumeneko ayesa kale chigamba choyamba. Ndinaona yankho lake. Ndi kachizindikiro kobiriwira ndi manambala, kopanda nkhope, kosauza munthu kuti akamwe madzi. Ndinagwada pansi pa tebulo. Alamu anamatula pepala lija mosamala kuti lisang'ambike, n'kuliika m'kabati ya makina osokera mmene amasunga masingano. Ndinadina batani n'kuligwira mpaka kanyali kanazima. Sindinkadziwa kuti fani ija inali ndi phokoso lotere mpaka pamene inaleka. Tinakhala m'chipindamo tikumva wotchi, ndipo alamu anati ndigone konko, kwada kale kuti ndiyambe kulimbana ndi mabasi, ngakhale dzuwa linali lisanalowe.

Lachisanu ndinadzuka n'kupeza alamu ali kale pa tebulo la kukhitchini, atavala za ntchito, foni ili patsogolo pawo chagada. Ndinakhala moyang'anana nawo. Ndinkaopa zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti ilira ndi kuti siilira, ndipo sindikudziwa chimene ndinkaopa kwambiri. Panja wina ankasesa, mwana wa oyandikana nawo akulirira nsapato.

Muvi wautali wa wotchi unafika pa 12, 7 koloko yakwana. Unadutsa. Tinadikira mphindi imodzi, kenako zisanu, chifukwa nthawi zina netiweki imachedwetsa. Alamu anatenga foniyo, anaona ngati ili ndi moto, anaona ngati ikugwira, n'kuibweza pa tebulo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, manja ali pamiyendo.

"Ndiye kuti afika," anatero.